Chitseko chakana kutsekeka titachibwezera pa felemu yake, ndiwalole bambo achipale?

Mayi a ku 25: Moni nonse a m'gulu muno. Mundithandize nzeru ndisanawononge ndalama. Kutatsala sabata ziwiri kuti Khirisimasi ifike tinaika matailosi kuchipinda chogona, ndiye woika matailosiyo anachotsa chitseko kuti agwire ntchito momasuka. Chinakhala pakhonde masiku 9, ine n'kupezerapo mwayi wochipaka vanishi. Atamaliza anati kupachika chitseko si ntchito yake, ndiye bambo akunyumba ndi mwana wa achemwali anga anachibwezera okha. Kuyambira tsiku limenelo mtendere palibe. Ukachikankha chimafika pafupi kutsekeka, kutsala mpata wa zala ziwiri, kenako chimabwerera chokha ngati mkatimo muli munthu akukaniza. Ukachikakamiza ndi phewa chimalowa, koma loko sagwira, kalilime kake sikalowa pabowo. Pansi naponso, mbali ya loko, chikukhula tailosi moti pajambulika kale kauta koyera. Usiku tikutchinga ndi chidebe cha zovala. Chitseko chake n'cha paini cha mapanelo, felemu ndi yamatabwa, mahinjesi awiri. Chakhala zaka 7 osavuta. Bambo akuti mawa akabwereka puleni achipale. Ndiwalole?

Mnyamata wa ku Ndirande: Aloleni masteni, chafufuma ndi mvula chimenecho. Januwale uno zitseko zonse za paini zikulira. Apale mbali ya loko, apalenso pansi, nkhani yatha.

Agogo a ku Zomba: Mwanawe, ife kuno chinyontho ndiye kwawo. Chitseko changa cha kukhitchini chaka chilichonse mvula ikangokhazikika chimalimba, ikafika Meyi chimamasuka chokha. Musachikhudze, dikirani dzinja lithe.

Mayi a ku 25: Agogo, mpaka Meyi ndi chidebe pakhomo? Ana angolowa ngati mumsika.

Kalipentala wa ku Mchesi: Mayi, choyamba mukabise puleniyo, kapena muwauze eni ake kuti anene kuti yasowa. Thabwa ukalipala silimeranso. Ndakonzapo zitseko zambiri zimene eni ake anapala mu Januwale, pofika Okutobala kunja kwatentha, thabwa lauma, pakhomo pali mpata woti mwana n'kumasuzumira zonse za kuchipinda.

Chitseko chimene chakhala zaka 7 chikutsekeka bwino pa felemu yomweyo sichinakule chili pakhonde. Mvula ingachifufumitse pang'ono inde, koma chitseko chofufuma chimachita kulimba: chimalowa mokakamira, chikalowa chimakhala momwemo, ndipo kutsegula kwake ndiye nkhondo. Chanucho mukuti chikubwerera chokha. Chitseko chobwerera ndiye kuti chapanikizika kumbali ya mahinjesi, osati ya loko. Mukapala mbali ya loko mwachiza mwendo wosathyoka.

Ndiyankheni izi. Masikuluwu amene anabwezera ndi omwewo akale? Anawalowetsa ndi sikuludiraiva kapena hamala? Ndiye mutsegule chitsekocho theka, mugwire chogwirira n'kunyamulira m'mwamba, wina ayang'ane hinjesi ya pamwamba ngati ikusuntha.

Mayi a ku 25: Zikomo madala. Masikuluwu akale ena anasowa, mwina anapita ndi zinyalala za simenti. Bambo anakagula ena kwa Nsungwi, onenepa kuposa akale aja, ati kuti agwire bwino. Za hamalazo, ndisaname, ndinamva kugogoda. Ndanyamula chitseko monga mwanenera, mwana akuti hinjesi ya pamwamba ikuchoka pa felemu n'kubwereranso, masikuluwu awiri akuchita kugwedera ngati dzino la mwana wa Sitandade 1.

Kalipentala wa ku Mchesi: Eya, matenda awiri tawapeza kale.

Oyamba ndi hinjesi ya pamwambayo. Chitseko chikapachikidwa, kulemera kwake kumakoka hinjesi ya pamwamba kuti ichoke pa felemu, pomwe ya pansi imangokankhidwira mkati. N'chifukwa chake imene imayamba kugwedera nthawi zonse ndi ya pamwamba. Ikangolekerera pang'ono chitseko chimaweramira kumbali ya loko, ngodya ya pansi n'kugwera pa tailosi, kalilime ka loko n'kutsika kusemphana ndi bowo lake. Mukatseka muyang'ane mpata wa pamwamba pa chitseko, muona kuti mbali ya loko ndi waukulu kuposa mbali ya mahinjesi.

Achiwiri ndi masikuluwu onenepawo. Bowo lililonse la pa hinjesi analikumba ngati kambale kuti mutu wa sikuluwu ubisale, ufanane ndi chitsulo. Mutu ukakula umatsala panja. Ndiye potseka chitseko, mapiko awiri a hinjesi amayenera kukumana, koma mitu ija imayamba kugundana yokhayokha chitseko chisanafike. Mukakankha ndi phewa, mphamvu yanuyo ndi imene ikuzula masikuluwu m'thabwa. Tsiku lililonse mukukulitsa vuto. Yendetsani chala pa hinjesi, mukamva mutu ukukola chala, ndi womwewo.

Hamala ija ndiye yamaliza zonse. Sikuluwu imagwira chifukwa mano ake amadzidulira njira m'thabwa. Ukaikhoma, manowo amang'amba thabwa polowa, bowo n'kukhala lopanda chogwira. Paini ndi wofewa, sachedwa kugonja.

Mnyamata wa ku Ndirande: Koma madala musatinamize, kumashedi konse sikuluwu amakhoma, n'kungopotokola kawiri komaliza kuti bwana aone.

Kalipentala wa ku Mchesi: Amakhomadi, n'chifukwa chake ine sindisowa ganyu.

Namwino wa ku Leeds: Ine chitseko cha kubafa kuno chinachita chimodzimodzi. Wokonza anangochotsa sikuluwu imodzi pa hinjesi ya pamwamba n'kuikapo yaitali ya mamilimita 75, chitseko n'kudzuka pompo. Sanathe ndi mphindi zisanu zomwe. Yesani zimenezo achemwali.

Wa ku Joni: Asisi a ku Leeds, njira imeneyo ndi yoona koma imadalira khoma. Makoma ambiri a mkati kumeneko ndi a matabwa okutidwa ndi mabodi, ndiye kuseri kwa felemu kuli thabwa lina limene sikuluwu yaitaliyo imakaluma n'kukoka felemu ndi hinjesi zonse pamodzi. Ku 25 kuseri kwa felemu kuli njerwa ndi matope a simenti. Sikuluwu ikaboola felemu ikagunda njerwa, iima, mutu uli panja, kapena iyamba kukankha felemu kuichotsa kukhoma. Pokhapokha mutaboola njerwayo ndi dirilo n'kulowetsamo pulagi, koma pa vuto la mayiwa sizikufunika. Kutalikitsa pang'ono n'kololedwa, bola isatulukire kuseri kwa felemu.

Namwino wa ku Leeds: Ndaphunzirapo. Ndinkangoona ngati khoma ndi khoma.

Alandilodi a ku Chilinde: Ine nyumba zanga za lendi sindivutika nazo. Sikuluwu ikagwedera ndimachotsa, kukhomapo msomali wa mainchesi atatu, kuupinda mutu, basi. Zitseko zilipo mpaka lero.

Wa ku Joni: Mufunse alendi anu ngati zikutsekeka, bwana.

Kalipentala wa ku Mchesi: Msomali ndi wosalala, chitseko chikamakoka umasolokoka pang'onopang'ono, ndipo mutu wopindawo ndi umenenso umagundana ndi phiko linalo. Tsiku lofuna kuchotsa chitsekocho mudzang'amba felemu. Tisiye zimenezo.

Mayi, mawa muchite motere, ndipo chitseko musachitsitse. Chitseguleni, mulowetse timatabwa kapena makatoni opinda pansi pa ngodya ya loko mpaka kulemera konse kukhale pamenepo, hinjesi ya pamwamba ipume. Masulani masikuluwu anayi a phiko la ku felemu, mulitembenuze phikolo kuti mabowo aonekere. Tengani kathabwa kouma, musongole timitengo tonga pensulo yaing'ono, tokwana bwino m'mabowomo. Mupake guluu woyera wa matabwa, mukhomere mkati mpaka titalimba, zotsala panja mudule ndi chezulo kapena mpeni kuti pakhale posalala. Timitengo ta machesi timagwiranso ntchito bowo likakhala laling'ono, koma muchotse mitu yake, ndipo mudzaze kwenikweni, osati tiwiri tokha. Guluu mum'patse usiku wonse. Anthu amalephera pamenepa, amafuna amange pompo guluu ali wamadzi, sikuluwu n'kungozungulira ndi timitengo tomwe.

Kukacha mubweze phiko m'malo mwake, muboole kabowo kotsogolera pakati penipeni pa bowo la hinjesi ndi msomali woonda. Pakati penipeni ndikutero, chifukwa mukaboola chakumbali sikuluwu pomanga imakoka hinjesi yonse kuitsatira. Masikuluwu mugule a nambala 8, otalika inchi imodzi ndi kota, ndiwo amakwana pa mahinjesi ambiri a mainchesi anayi. Kuli bwino mumasule hinjesi imodzi mupite nayo ku hadiweya, muyese pomwepo mutu ngati ukubisala. Pakani sopo wouma kapena kandulo pa mano a sikuluwu, ilowa ngati mu batala. Onenepa aja muwachotse onse, a ku chitseko ndi a hinjesi ya pansi omwe, imodziimodzi.

Mayi a ku 25: Ndalemba papepala. Bambo akuti akumva, koma nkhope yawo sikuvomereza.

Mtsikana wa ku Chipata: Pepani ndilowerere. Nanga ife a felemu yachitsulo? Mahinjesi ake ndi owotcherera ku felemu, palibe sikuluwu yomasula mbali imeneyo. Chitseko changa chikukhula pamwamba mbali ya loko chibwezereni pamene tinachichotsa polowetsa sofa.

Wa ku Joni: Yambani ndi masikuluwu a mbali ya chitseko, mankhwala ake ndi omwewo a timitengo ndi guluu. Zikakhala zolimba koma chikukhulabe, ndiye kuti hinjesi ya pamwamba inakanuka. Mahinjesi a pa felemu zachitsulo zotsika mtengo amakhala opyapyala, ndipo pochotsa chitseko anthu amachisiya chikulendewera pa hinjesi imodzi, chitsulo n'kupindika. Ngati kamtengo kachitsulo ka pakati pa hinjesi kamasolokoka, katulutseni chitseko chili chotseka, mutchinge chitseko ndi makatoni mpaka mpata ufanane mbali zonse, muona timphete ta hinjesi tasemphana. Gwirani ta mbali ya chitseko ndi shifitingi, sipanala ija yosinthika kukamwa, mupinde pang'onopang'ono mpaka tiyang'anizane ndi tinzake, mubweze kachitsulo kaja. Pang'onopang'ono, chifukwa mukathothola powotchererapo ndiye mpaka kuitana wa welding. Ndipo potsitsa chitseko tsiku lina, yambani kumasula ya pansi, ya pamwamba ikhale yomaliza. Popachika muyambe ya pamwamba.

Mtsikana wa ku Chipata: Zikomo akulu. Ifeyo tinayamba ndi ya pamwamba, chitseko n'kutigwera, chatsala pa ya pansi yokha.

Wa ku Joni: Ndiye muyang'anenso ya pansiyo, iyenera kuti ndi imene inapotoka kwambiri.

Adimini: Amene mwaponya nambala ya foni ndi zithunzi za zitseko zogulitsa, ndafufuta. Malonda ndi Lachisanu. Mayiwa sanati akufuna chitseko chatsopano.

Mayi a ku 25: Ndabweranso patatha masiku awiri. Tachita zonse, guluu anagona usiku wonse, masikuluwu ndi oyenera tsopano, chala chikudutsa pa hinjesi osakola. Kunyamula chitseko sichikugwederanso, ndipo kukhula pansi kwachepa kwambiri. Koma kubwerera kuja sikunathe. Poyamba kumatsala zala ziwiri, pano chala chimodzi. Bambo ayamba kale kuyang'ana kumene ndinabisa puleni.

Mnyamata wa ku Ndirande: Ndinanena ine.

Kalipentala wa ku Mchesi: Iwe dekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayi, ng'ambani pepala la mu kope. Muime mbali imene timphete ta mahinjesi timaonekera, mulowetse pepalalo pakati pa chitseko ndi felemu mbali ya mahinjesi, wina atseke pang'onopang'ono. Muyese pamwamba, pakati ndi pansi. Pamene pepala lagwidwa osasolokoka ndi pamene pali mlandu. Mpata woyenera kuzungulira chitseko ndi mamilimita awiri kapena atatu.

Mphunzitsi wa masamu ku Ntcheu: Opanda tepi gwiritsani ntchito makhadi. Khadi la ATM kapena chiphaso cha unzika n'chochindikala mamilimita 0.76, ndiye atatu kapena anayi mukawaphatikiza ndi mpata umene madalawa akunena.

Mayi a ku 25: Pamwamba pepala likuyenda momasuka, makhadi atatu akulowa. Pakati likukola pang'ono. Pansi, pafupi ndi hinjesi, lagwidwa mpaka lang'ambika. Vanishi wanga watsopano wanyukanso pamenepo, pakuoneka thabwa.

Kalipentala wa ku Mchesi: Tsegulani muyang'ane phiko la hinjesi ya pansi limene lili pa felemu. Likufanana ndi thabwa, kapena lamira m'kadzenje kake?

Mayi a ku 25: Lamira ndithu. Ndikaika khadi mopingasa pamwamba pake pakutsala mpata. La pamwamba likufanana ndi thabwa bwinobwino.

Kalipentala wa ku Mchesi: Ndiye funso langa ndi ili, muganize bwino. Tsiku limene ankachotsa chitseko, kapena pamene munkasesa, simunaone kanthu kalikonse kochokera kuseri kwa hinjesi? Kakatoni, kapulasitiki, kachidutswa ka pulayiwudi?

Mayi a ku 25: Mayo ine! Madala mwalota? Ndinapeza timakatoni tiwiri tatitali ngati chala, ta paketi ya tiyi wamasamba, takuda ndi fumbi, tili ndi timabowo tinayi. Kamodzi kanali kokakamira pa felemu, ndinachita kukapala ndi mpeni popaka vanishi. Ndinkati ndi uve wa omanga nyumba. Ndinataya kudzala.

Agogo a ku Zomba: Ukhondo wapha chitseko.

Bambo a ku 25: Ndalowa m'gulu lino lero kuti ndidziyankhire ndekha. Sabata zitatu ndakhala ndikunenedwa m'nyumba muno kuti ndinapachika chitseko mokhota. A m'gulu mwamva nokha amene anataya makatoni.

Mayi a ku 25: Nanga hamala anagwira ndani?

Bambo a ku 25: Ija inali yongoyambitsira.

Alandilodi a ku Chilinde: Achimwene khalani chete, mlandu uwu mugawana pakati.

Kalipentala wa ku Mchesi: Musadandaule mayi, si inu oyamba. Amene anapachika chitsekocho poyamba anakumba kadzenje ka hinjesi mopitirira, chezulo chinamira. Mmisiri aliyense zimamuchitikira, makamaka pa paini. M'malo mosintha felemu, amadula kakatoni n'kuika kuseri kwa phiko kuti likwere lifanane ndi thabwa. Kakatoniko kakachoka, phiko limamira, mphepete mwa chitseko n'kumagunda felemu hinjesi isanamalize kutseka. Ndi kubwerera mukukuonako. Ine ndikamachotsa chitseko cha munthu ndimalemba ndi pensulo pa hinjesi iliyonse kuti iyi ya pamwamba, iyi ya pansi, masikuluwu ndi timakatoni take n'kumanga m'kajumbo, kukoleka pa chogwirira. Mahinjesi ooneka ofanana sadyeka mofanana, ukawasinthanitsa chitseko chimadziwa.

Dulani katoni yolimba yopyapyala, ya paketi ya tiyi kapena ya sopo, osati ya makatoni akuluakulu a mizeremizere mkati, imeneyo imaphwafuka pakapita mwezi. Pulasitiki ya chigubu cha mafuta ophikira ndiye yabwino koposa chifukwa siiopa madzi okolopera. Muidule kukula kwa phiko. Tchingani chitseko pansi monga kale, masulani phiko la ku felemu, ikani chidutswa chimodzi, mangani masikuluwu awiri okha, muyese kutseka. Chikabwererabe onjezani china. Muziwonjezera chimodzichimodzi mpaka phiko lifanane ndi thabwa, osapitirira, chifukwa mukadzaza kwambiri chitseko chikagunda felemu mbali ya loko.

Mphunzitsi wa masamu ku Ntcheu: Ndawerengera pang'ono, ndi matenda a ntchito. Chitseko wamba n'chotalika mamilimita 2032, mulifupi 813. Hinjesi ya pamwamba amaika cha pa 150 kuchokera kumutu, ya pansi cha pa 225 kuchokera pansi, ndiye pa mahinjesi a mainchesi anayi, kuchokera pakati penipeni pa ina kufika pakati penipeni pa inzake pali mtunda wa pafupifupi 1,560. Mukakankha hinjesi ya pansi ndi mamilimita awiri, chitseko chimazungulira pa ya pamwamba, mbali ya loko n'kukwera ndi pafupifupi milimita imodzi, theka la zimene mwaikazo. Ndiye timakatoni tija sitinkangoletsa kupanikizika, tinkanyamulanso loko ndi ngodya ya pansi.

Kalipentala wa ku Mchesi: Aphunzitsi mwanena ndi manambala zimene ife timangoona ndi diso. Ndi momwemo.

Bambo wa ku Chilobwe: Ndisakusokonezeni, vuto la mayiwa lapezeka. Koma kwa ena owerenga, muziyang'ananso khoma. Ife atadutsa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 nyumba yathu sinagwe, koma zitseko ziwiri zinayamba kukana nthawi imodzi, popanda wozichotsa. Ndinalimbana ndi mahinjesi sabata yathunthu. Kenako ndinaona mng'alu wochokera pa ngodya ya felemu kukwera mopendekera kudenga. Madzi anali atafukula maziko mbali imodzi, khoma linatsika, felemu n'kupendama. Pamenepo katoni siithandiza. Mukaona zitseko zingapo zayamba pamodzi, kapena mng'alu pamwamba pa khomo, itanani womanga aone maziko.

Wa ku Joni: Zoona. Kuyesa felemu n'kosavuta: levulo mbali zonse ziwiri, kapena chingwe chomangirira kamwala kunsonga ngati levulo palibe. Muyezenso ndi tepi kuchokera ngodya ya pamwamba kumanzere kufika ya pansi kumanja, kenako mbali inayo. Miyezo iwiriyo ikasiyana kwambiri felemu yapendama. Chinanso mayi, pakhonde paja chitseko chinagona pansi kapena chinatsamira khoma?

Mayi a ku 25: Chinatsamira khoma, koma mvula sinkafikapo.

Wa ku Joni: Mwapulumuka ngati sichinapindike. Chitseko cha paini chikatsamira khoma masiku ambiri, mbali imodzi ikuwombedwa dzuwa inayo ili pamthunzi, chimakhota ngati uta. Chikatsekeka muone ngati chikugunda ribeti ya felemu, kamlomo kaja kamene chitseko chimatsamirapo chikatsekeka, kuyambira pamwamba mpaka pansi, kapena ngodya imodzi ikutsalira panja. Ulendo wina muzichigoneka pansi posalala, pa timatabwa titatu, m'nyumba.

Mayi a ku 25: Abale, CHATSEKEKA! Zidutswa ziwiri za chigubu cha mafuta, ndendende ngati timakatoni tiwiri tija. Ndikungokankha ndi chala chimodzi chikupita chokha mpaka kukagunda ribeti, pamwamba ndi pansi pomwe, sichinakhote. Mwana wa achemwali watsegula n'kutseka mwina ka 20. Chatsala ndi loko. Kalilime kakufika pa kachitsulo ka pa felemu koma kulowa ayi, pokhapokha ndikanyamula chogwirira pang'ono ndiye kakuti thapu.

Kalipentala wa ku Mchesi: Tayandikira. Pakani choko kapena khala kunsonga kwa kalilime, lipisitiki ndiye amalemba bwino kuposa zonse. Pindani chogwirira kuti kalilime kalowe mkati, tsekani, musiye chogwirira, mupindenso n'kutsegula. Pa kachitsulo paja patsala chizindikiro. Muone chapitirira bowo ndi mpata wanji, ndiponso mbali iti.

Mayi a ku 25: Lipisitiki wanga wa ku ukwati wagwira ntchito lero. Chizindikiro chatsika kupitirira m'munsi mwa bowo pang'ono zedi, ngati kuchindikala kwa makhadi awiri.

Kalipentala wa ku Mchesi: Chochepa chotero musasunthe kachitsulo. Mukakasuntha milimita imodzi ndi theka, mabowo atsopano a masikuluwu agwera m'mphepete mwa akale, sikuluwu izingothawira kwakale. Kamasuleni, mukapane pa vaisi kapena mukagwire ndi pulayala pa tebulo, mukhule m'munsi mwa bowo ndi tupa. Khulani pang'ono, yesani, khulaninso. Mukatero muone thabwa la kuseri kwake, mwina nalonso lifunika kubudula pang'ono ndi chezulo. Muyesenso kukiya, chifukwa chitsulo cha kiyi chili ndi bowo lakelake m'munsimo, nalonso lingafune tupa. Kukanakhala kusemphana kwa mamilimita anayi kapena asanu, ndiye tikanatseka mabowo akale ndi timitengo n'kusuntha kachitsulo konse.

Mayi a ku 25: Loko wagwira, kiyi akuzungulira kawiri bwinobwino. Koma ndisabise, chikafika theka potsegula chikukhudzabe tailosi imodzi, kumveka kuti kwee. Chikatsekeka pansi pali mpata wa makhadi anayi, koma pamenepo pokha chikukhula. Kale pansi pa chitsekochi panali mpata waukulu woti khoswe ankadutsa osawerama, matailosi ndi amene adya mpatawo.

Agogo a ku Zomba: Walira mvula walira matope, mwanangu. Munafuna matailosi.

Wa ku Joni: Tailosi ndi simenti yake zimakweza pansi ndi sentimita imodzi kapena kuposerapo, ndiye mwayi wanu ndi mpata wa khoswe uja, apo ayi chitseko sichikanalowa n'komwe. Tailosi imene ikukhulayo inaikidwa mokwera kuposa zinzake. Kuigumula chifukwa cha chitseko n'kuwononga.

Kalipentala wa ku Mchesi: Tsopano katulutseni puleni ija muwapatse bambo. Apa pokha ndavomera, ndipo ndi pansi pokha, mbali ya loko asakhudzeko. Chitseko chili chopachika, chitsegulireni pa tailosi yokwerayo, mugoneke pensulo pa kathabwa kochindikala mamilimita anayi kapena asanu, muyendetse pansi kuti pensulo ijambule mzere pa chitseko. Mukatero muchitsitse, hinjesi ya pansi poyamba, zidutswa za chigubu zija m'thumba. Popala ayambire kumphepete kulowera pakati, atembenuke ayambirenso mphepete inayo. Akapala kutulukira kunja, matabwa a m'mbali aja amathetheka pa ngodya chifukwa pamenepo puleni ikudula mopingasa mitsempha ya thabwa. Ayang'anenso misomali pansipo, ingabunthitse mpeni wa puleni ya eni ake.

Chanucho n'cha mapanelo, thabwa la pansi ndi lalikulu, mamilimita asanu si kanthu. A zitseko za fulashi, zija zopanda kanthu mkati, musamale, kathabwa ka m'munsi kamakhala kochepa, mukadula kwambiri mupeza mphako.

Akamaliza, mupake vanishi pansi pamene papalidwapo, kawiri, aume musanapachike. Ndikudziwa kuti ulendo woyamba uja munapaka nkhope ziwiri zokha, pansi ndi pamwamba ayi. Aliyense amatero. Koma thabwa limamwera madzi kumapeto kwake, ndipo pa matailosi muzikolopa tsiku ndi tsiku. Agogo a ku Zomba, chanu cha kukhitchini chija muchite chimodzimodzi kukauma mu Seputembala, chidzachepetsa kulimba kwa chaka ndi chaka.

Agogo a ku Zomba: Zaka zonsezi palibe anandiuzapo. Ndiwauza adzukulu akabwera pa holide.

Mnyamata wa ku Ndirande: Ndiye pomaliza puleni yagwira ntchito. Adimini lembani kuti woyamba kunena ndinali ine.

Wa ku Joni: Iwe unati apale mbali ya loko. Bwenzi pano akugula chitseko kwa uja anafufutidwa nambala.

Bambo a ku 25: Ndapala mamilimita anayi, kuchokera kumphepete kulowera pakati, palibe chathetheka. Vanishi wauma, chitseko chabwerera, sikuludiraiva yokhayokha, hamala sindinaigwire n'komwe. Sichikukhula paliponse. Puleni ndabweza kwa eni ake.

Mayi a ku 25: Ndikuchitira umboni, hamala ndinakaisungitsa kwa aneba. Chidebe chabwerera kubafa. Madala a ku Mchesi, Mulungu akudalitseni, mukadzadutsa ku 25 kuli nkhuku yanu. Tsopano ndani akudziwa chochotsera kauta koyera kaja pa tailosi? Ndakolopa ndi sopo katatu, sikakuchoka.

Wa ku Joni: Nyowetsani chala mupakepo. Kakazimiririka pali ponyowa n'kubweranso pakauma, ndiye kuti galasi la pamwamba pa tailosi linakalika, sikachoka. Kakakhala kokwera mukakakhudza ndi chikhadabo, ndi vanishi ndi fumbi la thabwa chabe, kapaleni ndi khadi lakale.

Mayi a ku 25: Kakuzimiririka n'kubweranso. Basi, ndiikapo kamkeka.